Mpongozi Wanga Analibe Karitau

Lamulo lija ndinayambitsa ndine. Ndinene zimenezi poyamba, chifukwa masiku ano anthu akamakumbutsana za nthawi ya korona pamsika wathu wa Entre Lagos, ena amati linachokera ku boma, ena amati linachokera kuchipatala. Silinachokere kumeneko. Linatuluka m'kamwa mwanga, pansi pa mtengo wa mango umene uli kuseri kwa mabanka a nsomba, matebulo aja timayalapo malonda, ndipo tsiku limenelo ndinalibe chikaiko ngakhale pang'ono.

Ine ndimagulitsa nsomba zouma: matemba, makumba ndi milamba yowamba yochokera ku Chiuta. Ntchitoyi ndinaiyamba titangobwerako ku Malawi kumene tinathawira nkhondo. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuwerenga ndi kulemba, ndipo mwina n'chifukwa chake anzanga ogulitsa nsomba anandisankha kukhala shefi wawo. Si udindo waukulu. Ndimaweruza anthu akakanganirana malo, ndimaona kuti pamsika paseseredwa, ndipo kukagwa maliro ndine ndimauza anthu kuti titseke mabanka.

Chaka chimene katemera anafika, ndinali nditangoika achimwene anga aakulu. Ndiwo anatitsogolera njira ya m'dambo pothawa nkhondo, atasenza amayi athu kumsana. Munthu wamphamvu chotero anatha m'masiku ochepa, akusakasaka mpweya ngati mlamba umene wauponya pamtunda. Sitinaloledwe kuwasambitsa. Sitinaone nkhope yawo. Kumanda tinapita anthu owerengeka, ndipo ine ndinabwerako ndi mkwiyo umene ndinalibe woupatsa.

Choncho anamwino atamanga tenti yawo pabwalo la chipatala, ine ndinali m'gulu la oyamba pamzere. Mkono unandiwawa masiku awiri, kenako basi. Karitau yanga, kapepala kaja kosonyeza kuti wabayitsa, ndinaikulunga m'pulasitiki ndi kuisunga pamfundo ya kapulana, chitenje chimene ndimavala.

Pamsika nkhani inali ina. Munthu aliyense anali ndi zake zimene wamva. Ena ankati wobayitsa amwalira zisanathe zaka ziwiri. Amuna ankanong'onezana kuti amachotsa mphamvu za m'nyumba. Amayi achichepere ankaopa kwambiri mphekesera yakuti amaumitsa chiberekero. Ena a mapemphero ankati ndi chizindikiro cha masiku otsiriza. Panalinso ena, makamaka oyenda malonda kutsidya, amene sankakhulupirira katemerayo koma ankafuna karitau yokha, poopa kuti tsiku lina adzawafunsa pamalire. Ofika ndi komboyo, sitima ya panjanji ija, ankabwera ndi nkhani zatsopano sabata iliyonse, ndipo nkhani iliyonse inkagona pamsika pathu isanapite kumidzi.

Ine zinkandipweteka. Pamsika timakhala mothithikana, wogula amawerama pankhope pako posankha nsomba, ndipo mashikara ambiri, zophimba pakamwa zija, ankalendewera pachibwano. Ndinaitanitsa msonkhano.

Ndinawauza za achimwene anga, ngakhale onse ankazidziwa. Kenako ndinati: "Pakatha masabata awiri, amene alibe karitau asayale nsomba pano."

Bambo wina wogulitsa milamba, munthu wosachedwa kuyankha, anaimirira. "Ashefi, thupi ili ndi langa. Simunandithandize kulikuza."

"Thupi ndi lanu," ndinatero, "koma mpweya umene mukupumira pabanka yanga ndi wa tonse."

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja, ndipo ine ndinamva kukoma. Ndivomere kuti ndinamva kukoma.

Ndiye panaimirira mnzanga wa zaka zambiri, mayi wachisilamu wa kunyanja, amene amalankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chiyao. Banka yake ndi yoyandikana ndi yanga, ndipo tiyi wa m'mawa tinkamwera limodzi. Iye anali atabayitsa kale. Anati: "Ine ndagwirizana nazo. Koma alipo ena adzati achipatala andiletsa. Ameneyo adzaimirire pano anene chimene amuletsera, tonse timve. Apo ayi aliyense adzanama."

Ndinavomera msanga. "N'zoona. Chobisa n'chiyani? Tonse ndife anthu amodzi."

Masabata awiri aja mzere wa kutenti unatalika. Anthu ankapita akung'ung'udza, koma ankapita. Tsiku litakwana ndinayenda banka ndi banka m'mawa, ndikuwerenga makaritau. Ena anali asanabwere n'komwe kumsika, ndipo mabanka awo anali pululu. Ndinati m'mtima, njala iwabweza. Kenako ndinafika kumapeto kwa mzere, pabanka ya mpongozi wanga.

Mpongozi wanga ndi mkazi wa mwana wanga wachiwiri, amene amanyamula katundu pasiteshoni. Nyumba yawo ndi yanga zili pabwalo limodzi. Ndi mayi wofatsa, wosachulutsa mawu, ndipo malonda a matemba ndinamuphunzitsa ndine. Panthawiyo anali atakhala m'banja zaka zisanu ndi chimodzi opanda mwana m'manja. Mimba zitatu zinapita padera. Anthu ankalankhula, monga amalankhulira, ndipo iye ankangowerama ndi kupitiriza kuunjika matemba ake.

"Apongozi, karitau," ndinatero, ndikumwetulira, poganiza kuti ndi mwambo chabe.

Sanandiyang'ane. "Ndilibe, amayi."

"Mwaiwala kunyumba?"

"Ayi. Ndilibe."

Ndinamva maso a anthu pamsana panga. Ndinati, mawu anga ali ouma: "Ndiye longedzani." Analongedza matemba ake m'dengu, nasenza, napita. Ndinamaliza kuyendera mabanka otsala.

Ndinali wotsimikiza kuti ndikudziwa chifukwa chake. Ndinati wamva mphekesera ya chiberekero ija ndipo waopa. Masana ndinapita kusiteshoni kukapeza mwana wanga. Ndinamupeza atakhala pamatumba a chimanga.

"Mkazi wako wandichititsa manyazi pamaso pa msika wonse," ndinatero. "Amalume ako anafa bwanji? Waiwala?"

"Sindinaiwale, amayi. Ine ndinabayitsa, mukudziwa."

"Nanga iye?"

Anayang'ana kunjanji. "Zisiyeni kaye, amayi."

"Ndizisiye bwanji? Loweruka kuli msonkhano. Akaimirira anene chifukwa chake ngati wina aliyense."

"Sakaimirira," anatero mwana wanga. Sanakwezepo mawu, koma ndinali ndisanamumvepo akundiyankha motero.

Masiku awiri sindinalankhule ndi mpongozi wanga kupatula moni. Tsiku lachitatu ndinabwera kunyumba masana ndi dengu la milamba imene inayamba kufewa, kuti ndiiwambenso. Iye anali pakhonde akupeta mpunga. Anaimirira kuti andilandire dengu monga amachitira nthawi zonse. Atangolikhudza anatembenuza nkhope, nalitula pansi mofulumira, nathamangira kuseri kwa nyumba. Ndinamumva akusanza.

Ndinaima pomwepo. Munthu amene wakhala m'fungo la nsomba zaka zisanu ndi chimodzi sathawa mlamba. Ndinayang'ana pakhonde: pambali pa lichero panali tizidutswa ta dothi la pachulu, tolumidwalumidwa. Ine ndabereka ana asanu ndi mmodzi. Sindinafunikire wondiuza.

Kwathu kuno mimba yaing'ono satchula. Mwini wake satchula, mwamuna satchula, ngakhale mayi wobereka amangoona ndi maso n'kukhala chete mpaka mimbayo idzadzinenera yokha. Ena amati pali anthu a maso oipa. Ena amati ndi ulemu chabe. Kaya n'chiyani, koma kwa mayi amene wataya katatu, kutchula kuli ngati kuitana tsoka ndi dzina. Mimba ziwiri zoyamba anthu anazidziwa msanga, ndipo zitapita padera iye anayenda pamsika aliyense akumuyang'ana pamimba. Zimenezi ndinaziona ndi maso anga, koma tsiku la msonkhano sindinaziganizire.

Atabwerako anatsuka m'kamwa nakhala pansi. Ndinasuntha dengu lija kuliika kutali, kenako ndinakhala pambali pake.

"Apongozi, kutenti kuja munapita?"

"Ndinapita, amayi. Tsiku lachiwiri lomwe."

"Anati chiyani?"

"Anandifunsa mafunso. Kenako anati ndidikire kaye."

Masiku oyambirira aja anamwino ankauza amayi oyembekezera kuti adikire. Pambuyo pake malangizo anasintha, koma panthawiyo zinali choncho. Ine ndinali nditamvapo, koma sindinaziike kumutu.

Sindinamufunse dzina la chinthucho. Ndinangoyang'ana kumwamba kumene mwezi umatulukira, kenako ndinamuyang'ana iye. Anatambasula zala ziwiri pabondo pake, nazipindanso msanga.

"Ndamva," ndinatero. "Sindinamve kanthu."

Misozi inatsika koma sanalire mokweza. Anati: "Ndinafuna kukuuzani, amayi. Koma munati aliyense anene pagulu. Ndinaona kuti ndikakuuzani ndikuikani pakati."

M'mawa mwake ndinapita kuchipatala. Namwino wamkulu wa katemera anali mayi wochokera kudera la Amakua, wa Chinyanja chodukizadukiza chimene ankachithira Chipwitikizi. Ndinadikira mpaka mzere unachepa, ndipo ndinamupempha kuti tilankhule pambali. Ndinadzifotokoza, kenako ndinayamba kunena za mpongozi wanga.

Anandidula. "Amayi, za munthu wina sindingakuuzeni."

"Ndine apongozi ake. Ndikudziwa kale."

"Ngati mukudziwa, wakuuzani mwini wake. Ine sindinganene kuti inde, sindinganene kuti ayi. Ngakhale atabwera mwamuna wake."

Zinandilasa. Ine ndazolowera kuti ndikafunsa anthu amayankha. Koma nditaima pamenepo ndinaganiza: mayi uyu akudziwa za theka la msika wathu, ndipo palibe chimene chinatulukapo m'kamwa mwake. Ine ndangodziwa chimodzi chokha, ndipo ndabwera nacho kale m'manja.

Iye anapitiriza: "Inu ndinu a lamulo la kumsika lija? Ndikuthokozeni, anthu abwera ambiri chifukwa cha inu. Koma alipo ena amabwera kuno osati kudzabayitsa. Amadzandifunsa kuti, ndikanene chiyani pagulu? Ena ndinawauza adikire achire kaye. Ena ali ndi zawo. Sangaime pansi pa mtengo n'kuziulula. Ndiye angokhala kunyumba."

Ndinakumbukira mabanka apululu aja amene ndinati njala iwabweza.

Ndinamufunsa ngati angalembe kapepala kopanda chifukwa, kongonena kuti munthuyu waonedwa kuchipatala ndipo wauzidwa kudikira. Anaganiza pang'ono. Anati angathe, ndipo aikapo karimbo wa chipatala, chidindo chija, koma kapepalako adzapatsa mwini wake m'manja, osati ine. Ndinati ndi zomwezo.

Loweruka anthu anabwera ambiri kuposa msonkhano woyamba. Nkhani inali itafala kuti lamulo la ashefi lagwira m'nyumba mwawo. Mpongozi wanga ndinamuuza kuti akhale kunyumba, koma anakana. Anabwera ndi kapepala kake, nakhala kumbuyo pamuzu wa mtengo.

Ndinaimirira ndi kunena kuti ndikufuna tisinthe mbali imodzi ya lamulo. Karitau ikhalebe. Koma amene achipatala amuuza kudikira abweretse kapepala ka karimbo, ayale nsomba zake atavala mashikara bwinobwino, ndipo asafunsidwe chifukwa.

Phokoso linabuka. Mnzanga wa kunyanja uja anadikira kuti litsike, kenako analankhula atakhala pansi, osandiyang'ana.

"Amzanga, lamulo lija linali la ana a anthu ena okha? Ife tinakoka ana athu kupita nawo kutenti akulira. Lero lafika pakhomo panu ndiye lafewa?"

"Lafika pakhomo panga ndiye ndaliona bwino," ndinayankha. "Ndinalakwitsa mbali imeneyi. Ndinavomera msanga."

"Ndiye anene. Ali apoyo. Ngati chifukwa chili chomveka, tonse timva chisoni, nkhani yatha."

Bambo wa milamba uja anali asanabayitse, ndipo masiku amenewo ankagulitsira kunja kwa msika, m'mbali mwa njanji. Koma pamsonkhano anabwera. Anati: "Ashefi munatiuza kuti mpweya ndi wa tonse. Lero mpweya wa apongozi anu wakhala wa iwo okha?"

Anthu anaseka, ndipo ulendo uno ankaseka ine. Kumbuyo mayi wina ananena, osati mokweza koma momveka: "Osanenawo timawadziwa. Ndi aja a mankhwala a tsiku ndi tsiku."

Ndinaona mpongozi wanga akuweramitsa mutu. Mawu amodzi okha akanathetsa zonse. Ndikanangonena, amayi onse aja akanaomba m'manja, mnzanga akanapepesa pomwepo, ine ndikanatuluka woyera. Mawuwo anafika pakamwa penipeni. Ndinawameza. Sanali anga.

Ndinati: "Bambo, mwafunsa bwino. Mpweya ndi wa tonse, n'chifukwa chake karitau sindikuichotsa, ndipo wa kapepala avala mashikara tsiku lonse. Koma chifukwa cha munthu si mpweya. Sindichipuma ine. Chikakhala m'mimba mwake sichindidwalitsa." Ndinazindikira mochedwa kuti ndatchula mimba, koma palibe anatolapo kanthu, poti ndi mmene timalankhulira za chinsinsi.

Kenako ndinatembenukira kumene kunachokera mawu a mayi uja. "Ndipo tinene kuti ndi mankhwala a tsiku ndi tsikuwo. Pano tilipo angati amene m'nyumba mwathu mulibe womwa mankhwala? Ndani akufuna kuyamba kuimirira atiuze za m'nyumba mwake? Ndikudikira."

Palibe anaimirira. Ena anayang'ana pansi, ena kumsewu.

"Ngati mukuona kuti ndakondera," ndinatero, "sankhani shefi wina lero lomwe. Sindikwiya. Koma pamene ine ndili pano, palibe munthu amene adzaimirire pansi pa mtengo uno kuvula matenda ake kuti agulitse matemba."

Tinakweza manja. Ogwirizana nane anaposa, koma pang'ono pokha. Mnzanga sanakweze dzanja mbali iliyonse. Za kusankha shefi wina palibe anazitola, mwina chifukwa palibe ankafuna ntchito yoyang'anira zosesa. Mpongozi wanga anabwera kutsogolo, nandipatsa kapepala kake ndi manja awiri. Ndinakawerenga mokweza, poti kanalibe chobisa: waonedwa, adikire. Ndinamubwezera.

Masabata otsatira sanali okoma. Mpongozi wanga anabwerera pabanka yake atamanga mashikara mpaka pansi pa maso, zimene zinamuthandizanso pa fungo. Ogula ena ankadumpha banka yake. Mphekesera ya mankhwala ija inayenda, ndipo inafika mpaka kwa mwana wanga kusiteshoni. Tsiku lina anabwera kunyumba nkhope ili gwa, nati akufuna akawauze anthu zoona kuti atseke pakamwa.

Mkazi wake anati: "Ayi. Alankhule. Ndinazolowera."

Mnzanga wa kunyanja anasiya kumwa nane tiyi. Moni ankandipatsa, wogula akafuna makumba amene ine ndilibe ndinkamulozerabe kwa iye, koma kapu yake ankamwera atatembenukira kwina. Zinandiwawa kuposa kusekedwa kuja. Komabe sindinaganizepo zobwerera m'mbuyo. Ndikagona ndinkagona tulo.

Chimene chinandilimbitsa ndi mabanka apululu aja. Lolemba lotsatira mayi wina wachikulire amene anasowa kuyambira tsiku la makaritau anabwera ndi dengu lake, nandionetsa kapepala ka karimbo. Ndinayang'ana karimboyo, ndinati yalani. Anaima pang'ono ngati akudikira funso. Litapanda kubwera anandigwira dzanja mwamphamvu, napita. Sabata yomweyo anabweranso ena awiri. Mpaka lero sindidziwa chimene aliyense wa iwo anauzidwira kudikira. Mmodzi anadzandionetsa karitau yeniyeni patapita mwezi, mwa kufuna kwake.

Sindinena kuti palibe anapezerapo mwayi. Anthu ankati wina anachita kuchonderera kapepalako alibe vuto lililonse. Mwina n'zoona. Ine ndinaona kuti kuli bwino mmodzi atipusitse kusiyana n'kuti anayi akhale kunyumba ndi ana awo opanda chakudya chifukwa choopa pakamwa pathu.

Miyezi inapita. Mwezi wachitatu, umene mimba zina zija zinkathera, unadutsa. M'nyumba mwathu palibe ankanena kanthu, koma ndinaletsa mpongozi wanga kusenza madengu, ndipo madzi ndinkatunga ndine ndi mwana wanga wamkazi wotsiriza. Wachinayi unadutsa. Pofika wachisanu kapulana inayamba kukana kumangika pamalo pake, ndipo msika unadzionera wokha.

Panalibe msonkhano wopepesa. Anthu sachita choncho. Kungoti ogula anayambanso kuima pabanka yake, ndipo mayi uja wa mawu a kumbuyo anayamba kumusungira malo pamthunzi. M'mawa wina mnzanga wa kunyanja anafika ndi kathumba ka mpunga wa kwawo, nakaika pabanka yanga.

"Mukawaphikire apongozi anu phala," anatero. Anakhala pansi, natulutsa kapu yake. "Bwanji simunandinong'oneze ine ndekha? Zaka zonsezi."

"Mukanasunga?"

Anaganiza moona mtima. "Ndikanauza mng'ono wanga yekha."

"Ndiye mwadziyankha."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandithirira tiyi. Koma anawonjeza kuti iye akuonabe kuti pagulu la anthu odalirana sipayenera kukhala zobisirana, ndipo kuti kale makolo athu matenda a munthu ankadziwika ndi mudzi wonse, n'chifukwa chake ankathandizana. Ndinati kale lomwelo mimba yaing'ono sankaitchula. Tinasiyira pomwepo. Mpaka pano sitinagwirizane kwenikweni pa nkhaniyi, ndipo tiyi timamwa.

Bambo wa milamba sanabayitse konse. Anakhalabe m'mbali mwa njanji mpaka matenda anazilala ndipo lamulo lathu linafa lokha, popanda wolithetsa. Ali moyo, wathanzi, ndipo akandiona amatambasula manja kuti ndimuone bwino. Ine ndimamuuza kuti anapulumukira pakati pa anthu obayitsa, ngati mbewu ya udzu m'munda wothirira. Iye amati ndi Mulungu. Mwina tonse tikunena zoona.

Mwana anabadwa nthawi ya mvula, wamkazi, wolira mwamphamvu. Ndinali panja pa chipinda cha amayi pamodzi ndi amake a mpongozi wanga, amene anabwera pa njinga kuchokera kumudzi kwawo matope ali m'miyendo. Namwino amene anatuluka kudzatiuza sanali uja wa katemera, koma pobwerera ndinakumana ndi wa katemerayo pakhomo. Ndinamuuza kuti ndalandira mdzukulu. Anandiyamikira ngati akumva koyamba kuti m'nyumba mwathu munali woyembekezera.

Mpongozi wanga anabayitsa mwana ali ndi miyezi ingapo, achipatala atamuuza kuti tsopano angathe. Palibe anamukakamiza, poti nthawi imeneyo makaritau tinali titasiya kale kufunsa. Anangodzuka m'mawa wina, nandisiyira mwana pabanka, napita.

Ndikafunsidwa lero ngati ndingaikenso lamulo lotere matenda ena atabwera, ndimati inde. Ndinaona mmene munthu amafera posowa mpweya, ndipo sindichita manyazi kuti ndinakankhira anthu kutenti. Koma mbali ija yakuti munthu aimirire anene, imeneyo sindingaivomerenso, ngakhale atainena mnzanga wapamtima. Shefi aone karimbo. Zotsalazo ndi za mwini wake ndi namwino wake.

Ndisanalembe zonsezi ndinapita kwa mpongozi wanga. Ndinamupeza akumeta mwana uja, amene tsopano amathamanga bwalo lonse ndipo salola kukhala pansi. Ndinamuuza kuti ndikufuna kulemba za chaka chija, ndipo kuti sindingalembe popanda kutchula za iye, ndi za mimba zitatu zija.

Anapitiriza kumeta kwa kanthawi. Kenako anati: "Lembani, amayi. Alipo ena akudutsa momwemo." Anandiuza kuti ndimuwerengere ndikamaliza, ndipo ndinamuwerengera masana ena titabwerako kumsika. Anamvetsera mpaka kumapeto. Panali chinthu chimodzi chimene anati ndichotse, ndipo ndinachichotsa.